Mabanja Amene Nyumba Yawo Imatsata Lole

Amayi anzanga, sabata ino tiyeni tisiye kaye za kukhitchini ndi za kumunda, tiwoloke nyanja tipite ku Britain, tikaone amayi anzathu ena amene moyo wawo wonse unamangiriridwa ku galimoto imodzi. Ndikudziwa kuti ena mwayamba kale kunena kuti nkhani ya malole njoyenera abambo. Dekhani pang'ono.

M'dziko limenelo muli mabanja amene ntchito yawo ndi kuyendayenda m'mizinda ndi m'matauni atanyamula zosangalatsa anthu. Akafika pamalo amamanga akatungwe a makina, timahatchi tamatabwa tozungulira motsagana ndi nyimbo, timagalimoto tamagetsi togundana, chigudumu chachitali chokweza anthu m'mwamba, ndiponso timisasa togulitsiramo maswiti ndi zokazinga. Anthu amabwera, nalipira, nasangalala masiku awiri, sabata imodzi kapena masiku khumi. Kenaka zonse zija zimaphwasulidwa, kupakiridwa ndi kupita kwina. Inu amene munafikako ku chionetsero cha zaulimi ku Harare kapena ku Lusaka munaziona zoterezi. Eni ake amadzitcha dzina lakuti Showmen, ndipo dzinali amalinyadira kwabasi. Safuna kusokonezedwa ndi mitundu ina yoyendayenda ya kumeneko, pakuti iwo chimene chimawayendetsa ndi malonda. Ambiri amachita kubadwiramo: agogo anali a ntchito yomweyo, ana nawonso amakwatirana ndi ana a mabanja anzawo. Pa kalembera wa anthu wa mu 2022, dziko la Scotland linawaikira malo awoawo osonyezapo mtundu wawo pa pepala la mafunso.

Taganizani tsono za usiku wotsiriza wa chionetsero. Anthu amwazikana, nyimbo zazimitsidwa, pansi pangotsala mapepala ndi matope. Apo m'pamene ntchito yeni-yeni imayambira. Bambo, ana aamuna, ana aakazi, akamwini ndi aganyu amagwetsa chimene anamanga masiku apitawo, chitsulo chimodzi-chimodzi, chirichonse kuchibwezera pamalo pake pa lole, chifukwa chimene chikayambe kufunika kutsogoloko chiyenera kupakiridwa pomaliza. Mayi ali m'nyumba yake, imene iri ngolo yaitali yoyenda pa matayala. Akukulunga mbale zadothi m'nsalu, akutsitsa zithunzi pakhoma, akumanga zitseko za kabati kuti zisatseguke panjira. Kunja kusanache n'komwe bambo amakwera pa lole natembenuza kiyi. Mayi uja, ngakhale ali kalikiliki ndi ana, khutu lake liri panja. Injini ikalira msanga, mtima umakhala m'malo. Ikangokhosomola n'kukhala chete, iye amadziwa kale kuti ndalama za sabata yamawa zayamba kuthawa.

Chifukwa chake n'chakuti zionetserozi sizidikira munthu. Masiku ake anaikidwa kalekale, ena mwa iwo ndi makalata a mafumu a ku England a m'zaka za m'ma 1200. Nyengo yawo imatsegulidwa ku King's Lynn pa 14 Febuluwale. Mu Epulo kuli chionetsero chachikulu ku Kirkcaldy, chimene chimadzaza msewu wa m'mbali mwa nyanja. Mu Juni amakumana ku Newcastle, mu Seputembala ku Oxford, ndipo cha kumayambiriro kwa Okutobala kumabwera ziwiri zimene ziri ngati masika awo, cha ku Nottingham ndi cha ku Hull. Cha ku Loughborough mu Novembala ndicho chimatengedwa ngati chotsekera chaka. Pakati pa zikuluzikuluzi pali tating'ono tambirimbiri ta m'matauni ndi m'midzi, ndipo banja lirilonse liri ndi njira yake imene limatsata chaka ndi chaka, monga momwe wamalonda wa kwathu kuno amadziwira msika wa Lachiwiri ndi msika wa Loweruka.

Cha ku Oxford chija n'chitsanzo chabwino. Chimachitikira mumsewu waukulu wa pakati pa mzinda, Lolemba ndi Lachiwiri lokha. Msewuwo umatsekedwa, malole amalowa motsatana, aliyense kukaima pamalo pake, ndipo masiku awiri aja akatha msewu uyenera kubwezedwa kwa eni mzinda. Pamalo opanikiza chotero, lole imodzi ikafera pakhomo imatsekereza onse a m'mbuyo mwake. Manyazi ake ndi aakulu kuposa kutaya ndalama, poti amene akudikirawo ndi alamu, azakhali ndi apongozi ako. Kwa zaka zambirinso mabanja ena akhala akuphwasula ku Nottingham ndi kuthamangira ku Hull, mtunda wa makilomita pafupi-fupi 150, kuti akapezeko masika achiwiri. Mtundawo ndi waufupi ndithu, koma kwa lole yolemedwa imene yaphulitsa paipi ya madzi pakati pa usiku, uli ngati ulendo wa ku Joni wapansi.

Palinso china choopsa koposa. Malo oimikapo katungwe amalipiridwa, ndipo mwa malamulo amene bungwe lawo lakhala likutsata kwa nthawi yaitali, munthu akaima pamalo amodzi zaka ziwiri zotsatizana amakhala ndi ufulu wobwereranso pomwepo. Malo otere ndiwo munda wa banjalo. Amasiyirana kuchokera kwa kholo kufika kwa mwana, ndipo pali mabanja amene aima pangodya imodzi ya msewu kuyambira nthawi ya agogo a agogo awo. Tsono kulephera kufika si kutaya malonda a sabata imodzi yokha ayi. Kumaika pangozi munda wa makolo.

Bungwe ndatchulali dzina lake ndi Showmen's Guild of Great Britain, ndipo chiyambi chake chimakhudza ife amayi. Linabadwa mu 1889 ku Salford pamene mkulu wina, George Smith wa ku Coalville, analimbikira kuti Nyumba ya Malamulo ikhazikitse lamulo lakuti ngolo zogonamo anthu zilembedwe m'kaundula, ndi kuti akuluakulu a boma azitha kulowamo kukayendera. Mabanjawa anaona kuti uku kunali kunyoza nyumba zawo, ngati kuti mkazi wokhala m'ngolo sadziwa kusesa. Anasonkhana, nakana, ndipo lamulolo silinadutse. Mpaka lero ukhondo wa m'ngolo zawo ndi chinthu chimene amayiwa salola munthu kuchiseweretsa. Ngolo zakale zinali ndi magalasi ozokotedwa maluwa, mkuwa wopukutidwa mpaka kuwala, ndi makabati odzaza mbale zamtengo wapatali za Royal Crown Derby. Mbale zimenezo ndizo mayi uja anali kukulunga usiku.

Tibwerere ku lole. Kwa mabanjawa lole imagwira ntchito zitatu. Imasenza zitsulo, imakoka ngolo, nthawi zina ziwiri kapena zitatu molumikiza, ndipo ikafika pamalo imasanduka gwero la magetsi, poti pamsana pake pamakhala jenereta yoyendetsa akatungwe ndi kuyatsa mababu mazanamazana. Ntchito zitatuzi zinayamba kale. Poyamba ankadalira akavalo. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1800 kunabwera mainjini a nthunzi oyenda mumsewu, odya malasha ngati sitima zakale za pamtunda. Otchuka anali a kampani ya Burrell ya ku Thetford ndi ya Fowler ya ku Leeds. Kutsogolo kwake ankaikako dayinamo, yonga ya panjinga koma yaikulu ngati mgolo, ndipo injini yomwe inakoka katundu usana ndiyo inkawalitsa bwalo usiku. Ankaipatsa dzina ngati mwana, kuipaka utoto wofiirira ndi wagolide, ndi kuipukuta tsiku ndi tsiku.

Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha mu 1945, zinthu zinasintha msanga. Boma linagulitsa malole ambiri a asilikali pamtengo wotsika, monga a mtundu wa AEC Matador, amene anapangidwira kukoka mizinga m'matope. Mabanja a zionetsero anawalandira ndi manja awiri, chifukwa matope ndiwo mdani wawo wamkulu: bwalo la udzu likavumbidwa sabata yathunthu, ngolo zimatitimira, ndipo zimatuluka pokhapokha pali galimoto yokhala ndi chingwe chachitsulo chokokera. Kampani ya Scammell ya ku Watford inayesanso kuwapangira galimoto yawoyawo yotchedwa Showtrac, yokhala ndi jenereta ndi chokokera chomwe. Inapanga 18 zokha. Ambiri sanathe kugula chatsopano, ndipo kunena zoona sanachifunenso kweni-kweni.

Apa ndipo pagona nkhani. Mwambo wa mabanjawa wakhala wogula lole imene kampani ya mtengatenga yatopa nayo. Lole ya mtengatenga imayenda usana ndi usiku, ndipo ikatha zaka zingapo mwini wake amaigulitsa. Koma ya pachionetsero imayenda tsiku limodzi, mwina ola limodzi kapena awiri, kenaka n'kuima sabata yonse. Mtunda umene imayenda pachaka, ya mtengatenga ikhoza kuutha m'masabata owerengeka. Motero lole imene kwa mwini woyamba inali nkhalamba, kwa mwini wachiwiri imatha kugwira ntchito zaka zina khumi kapena makumi awiri. Kugula yatsopano kuti izingoima kukanakhala ngati kugula ng'ombe yamkaka kuti uzingoiyang'ana m'khola.

Sikuti ankangotola iriyonse. Anali ndi mitundu yawo yokondeka, makamaka Foden, ERF ndi Atkinson. Ziwiri zoyambazo zinkapangidwa m'tauni imodzi, Sandbach, ndipo zinachokera m'banja limodzi limene linasiyana maganizo: Edwin Richard Foden anakhulupirira kuti tsogolo liri pa dizilo osati pa nthunzi, ndipo mu 1933 kunabadwa kampani yatsopano yotchedwa ndi zilembo zoyamba za dzina lake. Ubwino wa malole ambiri a makampaniwa unali wakuti chipinda cha dalaivala chinkakutidwa ndi pulasitiki yolimba yosakaniza ndi ulusi wa galasi. Ku Britain amathira mchere m'misewu nthawi yachisanu kuti madzi oundana asungunuke, ndipo mcherewo umadya chitsulo. Pulasitiki ija dzimbiri silinkaigwira, ngakhale lole itaima pamtetete zaka zambiri.

Koma chimene ankachifuna koposa chinali injini ya Gardner, yopangidwa ku Patricroft pafupi ndi Manchester. Yotchuka kwambiri, imene ankaitcha 6LXB, inali ndi mphamvu imene amaiyeza kuti akavalo 180, ndipo malole a masiku ano amaiposa kawiri ngakhale katatu. Pachitunda inkakwawa ngati kamba, magalimoto ali ndondondo pambuyo. M'mawa wozizira inkafuka utsi woti n'kubisa ngolo yonse. Komatu inkamwa dizilo pang'ono, inkazungulira mosathamanga kotero kuti zitsulo zake zinkatha mochedwa, ndipo inalibe chinsinsi. Munthu wokhala ndi masipanala, nyundo ndi khutu labwino ankatha kuimasula ndi kuimanganso pabwalo la kwawo. Lole ikatheratu, injiniyo ankaichotsa naiika pa jenereta, niyambanso moyo wina. Akuluakulu anati mako ndi mako, usamuone kuchepa mwendo.

Ine ndikuona kuti kudalirika kwa malolewa sikunkachokera ku fakitale kokha. Kunkachokera pa kudziwana. Mnyamata amene anakulira pambali pa lole imodzi, akupatsira bambo wake sipanala ali ndi zaka zisanu ndi ziwiri, amadziwa kulira kwake konse. Amadziwa kuti ikatentha imayamba ndi fungo lotani, giya iti imavuta kulowa, nati uti umakonda kumasuka. Zipangizo zimene zimafa kawiri-kawiri amayenda nazo m'bokosi. Ndipo ikamukanika, pali msuweni pa chionetsero cha tauni yoyandikana amene ali ndi lole ya mtundu womwewo. Kusankha mtundu umodzi wa injini pakati pa abale kunali nzeru yonga ya amayi a mudzi umodzi amene onse agula makina osokera ofanana: singano ikathyoka, ukabwereka kwa mnzako.

Ngakhale ziri choncho, lole yoimaima iri ndi matenda akeake, osiyana ndi a lole yoyendayenda. Batire limatha mphamvu. Mabuleki amamatirira. Timapaipi tamphira timauma ndi kung'aluka. M'thanki yosadzaza mumachita thukuta, madziwo n'kusakanikirana ndi dizilo. Choipa koposa ndi matayala, chifukwa tayala limakalamba ngakhale lisakuyenda. Mapanga ake amaoneka akuya ngati latsopano, pamene mphira wauma ndipo m'kati mwayamba kulekana. Apa mpamene mwambi wa chikomekome cha mkuyu umakwanira bwino, pakuti malole a pachionetsero amakhala okongola zedi, dzina la banja litalembedwa ndi zilembo zikuluzikulu zagolide, koma utoto sugwira msewu.

Za matayala okalambazi dziko la Britain linaphunzira kudzera m'misozi ya mayi wina. Mu 2012 basi yochokera ku chikondwerero cha nyimbo inachita ngozi tayala lakutsogolo litaphulika, ndipo anthu atatu anafa. Tayalalo linali la zaka 19. Mmodzi mwa omwalirawo anali mnyamata wa zaka 18, Michael Molloy. Mayi wake, Frances Molloy wa ku Liverpool, sanakhale chete. Anagogoda pa zitseko za aphungu ndi nduna kwa zaka zambiri, mpaka pa 1 Febuluwale 2021 lamulo linayamba kugwira ntchito loletsa tayala lopitirira zaka 10 kutsogolo kwa malole ndi mabasi. Ngoziyo sinali ya anthu a zionetsero, koma phunziro lake likuwakhudza kwambiri, poti iwo ndiwo amataya matayala ooneka abwinobwino chifukwa cha zaka zokha.

Nthawi yochiza matenda onsewa ndi nyengo yachisanu, kuyambira Novembala mpaka Febuluwale, pamene ife kuno tiri pakati pa dzinja. Mabanja amabwerera ku mabwalo awo okhazikika, kumene ngolo zogonamo, malole ndi zitsulo zimaima pamodzi m'mpanda umodzi. Mzinda wa Glasgow uli ndi mabwalo otere ambiri cha kum'mawa kwake. Kumeneko ana amapita kusukulu tsiku ndi tsiku, pakuti miyezi yoyendayenda amaphunzira ndi mabuku ndi ntchito zimene aphunzitsi amawapatsira. Maukwati ambiri amachitikanso nyengo yomweyi. Ndipo abambo amakhala chagada pansi pa malole, manja ali bii, akusintha oyilo, akumasula mabuleki, akuwotcherera pamene pang'aluka. Lole imene idzalire bwino m'mawa wa mu Juni ndi imene inakonzedwa m'chisanu cha mu Januwale. Masiku ano zionetsero za Khirisimasi zachuluka, zimene zabweretsa ndalama panthawi imene kale kunali njala, koma zafupikitsanso masabata okonzera zinthu.

Nanga ndalama zokonzera zimachokera kuti, m'miyezi imene katungwe sazungulira? Amayi anzanga, apa ndi pamene ndimafuna tifike. Pa chionetsero, munthu amene amakhala m'kanyumba kolandirira ndalama kawiri-kawiri ndi mayi. Ndiye amene amawerenga zolowa usiku uliwonse, amalipira aganyu, amasunga mapepala a inshuwalansi ndi a lendi ya malo, amayendetsanso kamsasa kake ka zakudya kapena ka masewera. Alipo ena amene amagwira okha chiwongolero cha lole. Iye ndiye amadziwa kuti ndalama za ku Hull siziri za Okutobala yekha, koma ziyenera kudyetsa banja mpaka Febuluwale, ndi kugulanso matayala asanu ndi limodzi, mabatire awiri ndi migolo ya oyilo. Sabata yabwino ikadza, mayesero amadzanso: galimoto yaing'ono yatsopano, mipando yatsopano ya m'ngolo, ukwati wa mwana woti anthu akaukambe. Mayi amene amatha kunena kuti "iyi ndi ya lole, isakhudzidwe" ndiye makaniko woyamba wa banjalo, ngakhale sanagwirepo sipanala.

Si zachilendo kumeneko kuona mayi wamasiye akutsogolera malonda onse. Chitsanzo chodziwika ndi cha Carters Steam Fair, chionetsero chimene John ndi Anna Carter anayamba mu 1977. Iwowa sanabadwire m'ntchitoyi, koma anasonkhanitsa akatungwe akale ndi malole akale, kuwakonza ndi kuyenda nawo. John atamwalira mu 2000, Anna anapitiriza pamodzi ndi ana ake, ndipo chionetserocho chinayendabe mpaka ulendo wake wotsiriza mu 2022. Mayi winanso, Vanessa Toulmin, amene anabadwira m'banja la zionetsero la ku Lancashire, anaphunzira mpaka kukhala pulofesa, ndipo mu 1994 anayambitsa nyumba yosungira zithunzi ndi mbiri ya anthu a mtundu wake pa yunivesite ya Sheffield. M'zithunzi za mabanjawa, kawiri-kawiri lole imakhala itaima kumbuyo kwa anthu ngati mmodzi wa abale.

Komatu nyengo ya malole odziwika ija ikutha. Fakitale ya Scammell ku Watford inatsekedwa mu 1988. Mainjini a Gardner analeka kupangidwa m'zaka za m'ma 1990. Lole yotsiriza ya Foden inatuluka mu 2006, ndipo dzina la ERF, limene kampani ya ku Germany ya MAN inagula mu 2000, linasiyidwa mu 2007. Zipangizo za malole amenewa tsopano zimasakidwa kwa ogumula magalimoto akale. Mizinda nayo inayamba kukana utsi. London inakhazikitsa chigawo cholipiritsa malole ofuka utsi wambiri mu 2008, ndipo mizinda ina monga Birmingham inatsatira mu 2021. Galimoto zina za Showmen zomangidwa mwapadera zimapatulidwa pa malamulo oterewa, koma si lole iriyonse ya banja imene imalowa m'gulu limenelo.

Choncho ambiri asamukira ku mitundu ya Scania, Volvo ndi DAF. Tisanamizane, malole atsopanowa ndi amphamvu, ofewa kuyendetsa, a mabuleki abwino, ndipo mpweya wake sutsamwitsa ana. Ine sindiri m'gulu la anthu olira zakale chifukwa choti n'zakale. Vuto lake n'lakuti anapangidwira moyo wa mtengatenga. M'paipi yake ya utsi muli sefa yogwira mwaye, imene imadziyeretsa yokha injini ikatentha paulendo wautali. Lole yoyenda ola limodzi pasabata siipatsa sefayo mpata, ndipo imatsekeka. Amafunanso madzi ena otchedwa AdBlue, amene akakhalitsa amaundana ngati mchere m'timapaipi. Kompyuta ya m'lolemo ikaona cholakwika imachepetsa mphamvu ya injini, ndipo bambo amene ankatha kumasula Gardner ndi maso otsinzina amangoima n'kuyang'ana kanyali kachikasu, kudikira munthu wa makina oyezera amene Lamulungu usiku sapezeka, ndipo akapezeka mtengo wake ndi wa malonda a tsiku lathunthu. Lole yatsopano imafa kamodzikamodzi kusiyana ndi yakale. Koma ikafa, banja silingathe kudzithandiza lokha, ndipo kwa anthu amene tsiku lotsegulira silisuntha, kusiyana kumeneku n'kwakukulu.

Chaka cha 2020 chinaonetsa poyera mbali zonse ziwiri. Chifukwa cha mliri wa Covid-19 chionetsero cha ku Hull sichinachitike, ndipo cha ku Nottingham chinalephereka mu 2020 ndi mu 2021 momwe. Malole anaima miyezi yambiri osasuntha. Amene anali ndi yakale yolipiridwa kale anavutika ndi dzimbiri ndi mabatire akufa, koma amene anatenga yatsopano pangongole anavutika ndi kalata ya kubanki mwezi ndi mwezi, katungwe ali chipindire pabwalo.

Mwina mukufunsa kuti zonsezi zikutikhudza bwanji ife a ku Ntcheu, ku Chipata kapena ku Dedza. Zikutikhudza chifukwa malole ambiri amene makampani a ku Britain atopa nawo amakwezedwa pa sitima zapamadzi kubwera kuno, poti ife ndi iwo timayendetsa mbali imodzi ya msewu. Ma ERF amene mumawaona atasenza fodya, feteleza kapena simenti m'misewu ya Malawi, Zambia ndi Zimbabwe ndi abale ake a omwe aja akukoka akatungwe ku Hull. Ndipo lole ya banja la kwathu kuno nthawi zambiri imakhala ndi moyo wofanana ndi wa pachionetsero: imagwira ntchito yakalavulagaga miyezi yotuta ndi yogulitsa mbewu, kenaka n'kukaima pansi pa mtengo wa mango dzinja lonse, nkhuku zikuikira mazira pansi pake.

Tsono bambo a kunyumba akadzabwera ndi nkhani yakuti apeza lole yotsika mtengo, musadzangoti "zili kwa inu bambo." Khalani nawo pansi mwaulemu, muwafunse kuti makaniko wodziwa injini ya mtundu umenewo ali kuti, ndipo zipangizo zake zimagulidwa m'sitolo iti. Muwafunse ngati alipo mnansi kapena mnzawo amene ali ndi yofanana nayo. Mugwirizane ndalama zingati pa ulendo uliwonse zimene zidzapatulidwe kuti zikhale za lole yokha, ndi amene adzazisunge. Pamene yaima m'dzinja, iziliziridwa ndi kusunthidwa pang'ono sabata iriyonse, thanki ikhale yodzaza, ndipo matayala asakhale m'matope kapena padzuwa la tsiku lonse.

Za msinkhu wa tayala mukhoza kudzionera nokha, osadikira munthu. M'mbali mwa tayala muli mzere wa zilembo umene kawiri-kawiri umayamba ndi DOT, ndipo kumapeto kwake kuli manambala anayi ozunguliridwa ndi kamzere. Awiri oyamba ndi sabata ya chaka, awiri otsiriza ndi chaka chimene tayalalo linapangidwa. Mukaona 2319, ndiye kuti linapangidwa sabata ya 23 ya chaka cha 2019. Nthawi zina manambalawa amakhala mbali ya m'kati, choncho tengani tochi ndi kansanza kopukutira fumbi, ndipo muyambe ndi awiri akutsogolo.